Wodwala akuti "maganizo sakukhazikika": tiziphunzitsa bwanji mindfulness?

NaPhiri, Chawama: Moni nonse akuluakulu. Funso langa likupita kwa inu amene mumaphunzitsa mindfulness, njira ija yokhala chete n'kuika maganizo pa chinthu chimodzi monga mpweya, m'magulu a pakiliniki. Dandaulo limene limatuluka kawirikawiri pa sabata yachiwiri ndi ili: "Ndikangotsinzina, maganizo ndiye amachita kuwirikiza. Ine izi sindingathe." Ambiri amalekera pomwepo. Kodi vuto lili pa kaphunzitsidwe kathu, kapena njirayi siyenera anthu amene akuvutika kale ndi kuganiza kwambiri? Chachiwiri, m'Chinyanja tizitchula kuti chiyani? Ena amati kusinkhasinkha.

aTembo, Kabwata: Zikomo amayi. Ndiyambe ndi dzinalo chifukwa theka la vuto lagona pamenepo. Kwa ife kusinkhasinkha ndi kutembenuza nkhani m'mutu, kuiona uku ndi uku mpaka yankho lipezeke. Munthu amene sakugona chifukwa cha lendi ndi fizi ya ana amasinkhasinkha kale usiku wonse. Mukamuuza kuti akasinkhesinkhe mphindi 10 patsiku, mwamutuma kukachita matenda ake omwewo. Ena amati "musaganize chilichonse", ndipo kumeneko n'kulakwitsa kwachiwiri. Daniel Wegner anasonyeza mu 1987 kuti munthu ukamuletsa kuganiza za chinthu, chinthucho chimabwerabe, ndipo ukamumasula chimabwera mowirikiza.

Chimene timaphunzitsa ndi kubweza maganizo. Mu 2012 Wendy Hasenkamp ndi anzake ku Emory University anaika anthu ozolowera njirayi m'makina ojambula ubongo, n'kuwauza kuti azidina batani akangozindikira kuti maganizo achoka pa mpweya. Ntchitoyo anaigawa panayi: maganizo ali pa mpweya, asochera, munthu wazindikira kuti asochera, wawabweza. Gawo lililonse linkaonekera m'mbali zake za ubongo. Ndiye wodwala wonena kuti maganizo amuthawa kakhumi wazindikira kakhumi ndipo wabweza kakhumi. Wagwira ntchitoyo kakhumi, sanalephere.

Mbusa wodyetsa mbuzi pafupi ndi munda wa chimanga sayembekezera kuti mbuzi ziima chilili. Chake n'kuona msanga kuti imodzi yalunjika kumunda, n'kuibweza osaimenya. Pa dzina, ine ndinganene kuti "kubweza maganizo", kapena "kukhala tcheru ndi zimene zikuchitika panopa".

NaMwale, Matero: Ndionjezere pa za kuwirikiza kwa maganizo. Sikuti achuluka, koma ayamba kuoneka. Onani kuwala kwa dzuwa kolowera pa kabowo ka msomali pa malata: m'kuwalako fumbi limaoneka likuuluka lambirimbiri, koma fumbilo linalimo kale m'nyumba monse. Mu 2010 Killingsworth ndi Gilbert a ku Harvard ankafunsa anthu 2,250 pa foni nthawi zosiyanasiyana za tsiku, ndipo pa mayankho 100 alionse, pafupifupi 47 anali akuti maganizo sali pa chimene munthuyo akuchita. Awa anali anthu wamba ali pa ntchito zawo. Gulu liuzidwe zimenezi tsiku loyamba lisanayese n'komwe, kuti zikachitika asadabwe.

Kachitidwe kake kwa woyamba kumene. Akhale pampando kapena pamphasa, msana woongoka koma wosaumitsa, mapazi pansi, manja pantchafu. Kutsinzina sikokakamiza, angathe kungoyang'ana pansi ngati mita imodzi kutsogolo kwake. Asankhe malo amodzi pomwe mpweya akuumva bwino, kaya pamphuno, pachifuwa kapena pamimba, ndipo asamasinthesinthe. Ambiri pamimba ndi posavuta, makamaka akaikapo dzanja. Aziwerenga akamatulutsa mpweya, 1 mpaka 10, n'kuyambiranso. Akapezeka ali pa 17, kapena waiwala pomwe anali, anene mumtima liwu limodzi lokha, "kuganiza", "za mawa", "kukumbuka", n'kubwerera pa 1. Liwulo likhale lalifupi, chifukwa likatalika lasanduka kale nkhani ina.

Sabata yoyamba mphindi 5 zakwana. Muzionjezera pang'onopang'ono kuti pofika sabata yachinayi akhale pa 10 kapena 15.

Pamene ambiri timapunthwa ndi pa funso la pambuyo pake. Tikafunsa kuti "mwamvako bwino?", anthu athu ndi aulemu, onse adzati "eya", ndipo taphunzitsa gulu lonse kuti cholinga ndi kumva bwino. Amene sanamve bwino aganiza kuti walephera yekha, sabata yamawa sabwera. Funsani kuti: mwaona chiyani? Munazindikira muli pa nambala yanji? Mutazindikira munadziuza chiyani? Funso lomalizali ndi limene limaulula amene akumenya mbuzi ija.

aZulu, Kanyama: Zamveka, koma tinene za nyumba zimene anthu akuchokera. Zipinda ziwiri, anthu 7, bala kuseri likuliza nyimbo mpaka usiku, ana a pa loti akusewera pakhomo. Mabuku amati mphindi 45 pamalo achete. M'komboni malo achetewo ali kuti?

aTembo, Kabwata: Mphindi 45 zimenezo ndi za MBSR, pulogalamu ya mindfulness yochepetsa kupanikizika, imene Jon Kabat-Zinn anayambitsa mu 1979 ku sukulu ya zaudokotala ya University of Massachusetts, makamaka kwa anthu a ululu wosatha. Masabata 8, kukumana kamodzi pasabata kwa maola 2 ndi theka, tsiku limodzi lathunthu cha ku sabata yachisanu ndi chimodzi, ndi ntchito ya kunyumba ya mphindi 45 masiku 6 pasabata. Ngakhale kumeneko anthu samaliza zonse. Christine Parsons ndi anzake ataphatikiza kafukufuku wambiri mu 2017 anapeza kuti anthu amachita pafupifupi magawo 64 pa 100 a zimene apatsidwa, ndipo kugwirizana kwa kuchuluka kwa nthawiyo ndi kupeza bwino kulipo koma n'kochepa.

Chokhacho, tikafupikitsa tisamatchule kuti ndi MBSR, ndipo tisabwereke manambala ake ngati umboni wathu.

NaMwale, Matero: Achimwene aZulu, phokoso lisandutseni chogwirira. M'malo mwa mpweya, munthu aike maganizo pa kumva. Amve phokoso lapafupi, lakutali, loyamba, lotha, ndi kampata kapakati. Kondakitala akuitanira anthu a ku tauni, munthuyo angomva kukwera ndi kutsika kwa mawuwo. Akayamba kuganiza kuti "kodi mawa ndipeza ya basi?", ameneyo wasochera, abwerere pa kumva. N'chimodzimodzi ndi mpweya.

Komanso mumangirire pa chinthu chochitika tsiku lililonse. Poyembekeza kuti makala akolere pa mbaula pamadutsa mphindi zingapo munthu atangokhala. Pa mzere wa madzi n'chimodzimodzi. "Mukapeza mpata" sizigwira, mpatawo supezeka.

Pa malo ngati amenewo pali kachitidwe ka mphindi 3 ka mu MBCT (pulogalamu yophatikiza mindfulness ndi uphungu wa kaganizidwe), kamene ndimakayerekeza ndi mtondo: kukamwa kotakata, m'chiuno mopapatiza, pansi potakatanso. Mphindi yoyamba munthu adzifunse kuti panopa m'maganizo muli chiyani, mumtima muli chiyani, m'thupi mukumveka chiyani, osakonza kalikonse. Yachiwiri asonkhanitse maganizo pa mpweya pokha. Yachitatu atambasule amve thupi lonse, nkhope, mapewa, mmene wakhalira. Katatu patsiku pa nthawi zodziwika, kenako azichitanso zinthu zikathina. Ambiri amalumpha mphindi yoyamba n'kuthamangira ku mpweya, ndipo akatero yasanduka njira yothawira zimene akumva.

aSakala, namwino: Pali china chimene chimaoneka m'magulu: munthu akuti chizungulire, zala zachita dzanzi, milomo ikunyerenyetsa. Chimachititsa n'chiyani, ndipo timuletse?

aDaka, zamaganizo: Nthawi zambiri ameneyo wapuma mopitiriza. Akamva kuti "ikani maganizo pa mpweya" amayamba kukoka mpweya wambiri mofulumira, poganiza kuti ndiko kuchita bwino. Akatero amataya mpweya wa carbon dioxide wochuluka, mitsempha ya magazi ya ku ubongo imapanikizika pang'ono, ndiye chizungulire ndi dzanzi. Kwa munthu amene amagwidwa ndi mantha adzidzidzi, zizindikiro zomwezo zimamuopsa, amapumanso kwambiri, zinthu n'kukula.

Chochita: atsegule maso, apume ndi mphuno mmene amapumira nthawi zonse, akanikize mapazi pansi, atchule zinthu 5 zimene akuziona m'chipindamo. Zimatha pa mphindi zochepa. Zikapanda kutha, kapena pali kupweteka pachifuwa, mphumu, vuto la mtima, kapena ndi wa shuga amene sanadye, musangoti ndi nkhawa, apimidwe.

Tisiyanitsenso zinthu ziwiri zimene zimasakanizidwa. Kupuma pang'onopang'ono mwadala, monga kwa mu Problem Management Plus, pulogalamu ya uphungu ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, kuwerenga 3 pokoka ndi 3 potulutsa, ndi njira yotsitsira thupi pansi. Mindfulness sikonza mpweya, imangouona mmene ulili, kaya ndi wofulumira kaya wosaya. Zonse ndi zothandiza, koma muziuza gulu kuti lero tikuchita iti.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri si chizungulire ayi. Ndi munthu amene anagwiriridwa, anamenyedwa m'banja, kapena anaona ngozi yoopsa. Kumuuza kuti atsinzine pakati pa anthu osawadziwa n'kumvetsera thupi lake kwa mphindi 30 kungamubwezere pa tsiku lomwelo. Muona mpweya wasintha, thupi lauma gwa, misozi yosaleka, kapena maso angoti tong'o ngati sali m'chipindamo. Ena amati akudziona ngati ali kunja kwa thupi lawo. Mu 2020 Miguel Farias ndi anzake anasanthula kafukufuku 83 n'kupeza kuti pafupifupi anthu 8 pa 100 anakumana ndi zovuta, makamaka nkhawa ndi kukhumudwa. Si njira yopanda ngozi, ngakhale kuti sikumwa mankhwala.

Choncho munthu aliyense aonedwe payekha asanalowe m'gulu. PHQ-9 ndi GAD-7, mafomu a mafunso oyezera kukhumudwa ndi nkhawa, zimatenga mphindi zochepa. Funso la nambala 9 pa PHQ-9, la maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza, likayankhidwa ndi china chilichonse choposa 0, pamafunika kukambirana tsiku lomwelo, osati kumulemba pa mndandanda wa gulu. Womva mawu amene ena sakuwamva, amene watha masiku osagona koma ali ndi mphamvu zodabwitsa, wonjenjemera chifukwa wangosiya kachasu, onsewa apite kaye kwa a zamaganizo, ku chipatala cha Chainama kapena cha UTH. Manambala aulere a 933 ndi 116 a Lifeline/Childline, bungwe la uphungu wa pafoni, akhale olembedwa poonekera.

NaPhiri, Chawama: Ndiye wa zoopsa zakaleyo timuchotse m'gulu?

aDaka, zamaganizo: Osati nthawi zonse, amayi. Koma chogwirira chake chikhale cha kunja: phokoso, mtundu wa khoma, mapazi pa simenti, kuyenda pang'onopang'ono pabwalo. Maso otsegula, akhale poona chitseko, mphindi 2 kapena 3 zokha, ndipo adziwe kuti angasiye nthawi iliyonse osapempha chilolezo. Mawu akhale oitana, "ngati mungathe", osati olamula. Ndipo asamanidwe chithandizo chimene chili ndi umboni pa vuto lakelo. Muno mu Lusaka momwe, Laura Murray ndi anzake anayesa TF-CBT, njira ya uphungu ya okumana ndi zoopsa, pa ana 257, yoperekedwa ndi alangizi wamba ophunzitsidwa, ndipo zotsatira za mu 2015 zinasonyeza kuti zizindikiro zinatsika kwambiri kuposa za ana olandira chithandizo cha masiku onse.

aBanda, wa kafukufuku: Ndikufuna ndikokere pansi pang'ono, chifukwa mu tauni muno mwayamba kumveka mawu akuti mindfulness "imasintha ubongo m'masabata 8". Mawuwo anachokera makamaka ku kafukufuku wa Britta Hölzel wa mu 2011, ndipo amene anachita MBSR mmenemo anali anthu 16. Mu 2022 gulu la ku Wisconsin, la Tammi Kral ndi Richard Davidson, linayesanso ndi anthu oposa 200 ogawidwa mwamaere, ndipo silinapeze kusintha kwa kapangidwe ka ubongo. Tisamalonjeze odwala zimenezo.

Madhav Goyal ndi anzake a ku Johns Hopkins mu 2014 anaphatikiza kafukufuku 47 wa anthu 3,515. Anapeza thandizo lapakatikati pa nkhawa, kukhumudwa ndi ululu. Sanapeze umboni wakuti imaposa mankhwala, masewero olimbitsa thupi kapena uphungu wa mtundu wina. Mukayerekeza ndi anthu ongodikira pa mndandanda, pafupifupi chilichonse chimaoneka champhamvu, chifukwa kungokumana ndi anzako sabata iliyonse kumathandiza pakokha.

aTembo, Kabwata: Ndikuvomereza, akulu. Koma pali malo amodzi pomwe umboni ndi wolimba, ndipo pakukhudza funso la NaPhiri la kuganiza kwambiri. Zindel Segal, Mark Williams ndi John Teasdale anapanga MBCT pofuna kuteteza kuti matenda a kukhumudwa asabwerere. Ganizo lawo linali lakuti munthu amene wadwala kangapo, kachisoni kakang'ono ka tsiku limodzi kamadzutsa maganizo onse akale, "ndine wachabechabe, zayambanso", ndipo akayamba kuwatafuna amatsetsereka. Akaphunzira kuona ganizo ngati ganizo chabe lodutsa, unyolowo umaduka msanga. Mu kafukufuku wa mu 2000 wa anthu 145, anathandizika ndi amene anadwalapo katatu kapena kuposa. Amene anadwalapo kawiri kokha sanapindule. Mu 2015 Willem Kuyken anayerekeza MBCT ndi kupitiriza mankhwala pa anthu 424 kwa zaka 2: matenda anabwerera kwa 44 pa 100 mbali ya MBCT ndi 47 pa 100 mbali ya mankhwala, kusiyana kosanunkha kanthu. Pa nkhawa, Elizabeth Hoge mu 2022 anapeza kuti MBSR sinachepere mankhwala a escitalopram pa masabata 8.

Onani bwino kuti anthu a MBCT aja anali atachira kale pamene ankayamba, ndipo ochepetsa mankhwala ankayang'aniridwa ndi madokotala. Wodwala asamve manambalawa n'kutaya mapiritsi yekha. Amene ali pakati pa kukhumudwa kwakukulu, wosadzuka pamphasa, maganizo ake sagwira mokwanira kuti achite zimenezi. Ayambe ndi mankhwala, uphungu, ndi kubwerera pang'onopang'ono ku ntchito zing'onozing'ono za tsiku.

aLungu, mphunzitsi: Nanga kusukulu? Ana amapanikizika ndi mayeso. Tingachite ndi kalasi yonse?

aBanda, wa kafukufuku: Samalani, aphunzitsi. Kafukufuku wamkulu pa nkhaniyi ndi MYRIAD wa ku Britain, wotuluka mu 2022: ana oposa 8,000 a zaka 11 mpaka 14, masukulu oposa 80, maphunziro 10 ophunzitsidwa ndi aphunzitsi awo. Sanapose ana ophunzira za umoyo mwa nthawi zonse, ambiri sankachita kunyumba, ndipo panali zizindikiro zakuti amene anali kale pa chiopsezo zinawaipira pang'ono. Amene anapezako mpumulo kwa kanthawi ndi aphunzitsi eniake. M'kalasi ya ana ochuluka ngati zathuzi simungaone nkhope ya mwana mmodzi amene zamuvuta. Kagulu kakang'ono ka ofuna okha, maso otsegula, mphindi 2, n'kwabwino kuposa kulamula onse. Mwana wosagwira maganizo m'kalasi afunsidwenso ngati wadya, ngati wagona, ngati akuona pa bolodi.

aMbewe, Mtendere: Funso limene limabwera kuchokera ku mipingo ndi lakuti kodi izi si za chipembedzo china, kapena kutsegulira khomo mizimu. Tiziyankha bwanji mosanyoza?

NaMwale, Matero: Tinene zoona zake, abambo. Liwu la mindfulness linamasuliridwa kuchokera ku "sati", la m'Chipali, chilankhulo cha malemba a Chibuda, ndipo Kabat-Zinn anaphunzira kwa aphunzitsi a Chibuda. Tikabisa, munthu akadzazipeza yekha pa intaneti sadzatikhulupiriranso. Chimene chimaphunzitsidwa m'chipatala ndi luso la kuona kuti maganizo achoka n'kuwabweza, popanda kupembedza kapena kuitana chilichonse. Ndipo sitiuza munthu kuti akhuthule m'mutu, kumene ndi kumene ambiri amaopa. Aliyense amene anayambapo pemphero n'kupezeka akuganiza za ndiwo za madzulo akulidziwa kale vutoli. Wofuna angagwiritse ntchito mzere umodzi wa Salimo kapena wa pemphero lake m'malo mwa manambala. Wokana asakakamizidwe, njira zina zilipo, monga uphungu wothetsa mavuto umodzi umodzi wa Friendship Bench, umene Dixon Chibanda anayambitsa ku Harare kwa anthu a "kufungisisa", kumene ndi kuganiza kwambiri komweku.

Chitsanzo chapafupi ndi ife ndi Self-Help Plus ya WHO: misonkhano 5 ya maola 2, mawu ojambulidwa kale, gulu la anthu 20 mpaka 30. Inayesedwa kumpoto kwa Uganda pa amayi 694 othawa nkhondo ku South Sudan, ndipo zotsatira za mu 2020 zinasonyeza kutsika kwa kuvutika mumtima ngakhale patatha miyezi 3. Mawu ake ndi osavuta: zindikira ganizo lakukola, ulitchule, ubwerere ku chimene uli kuchita.

NaPhiri, Chawama: Zikomo kwambiri nonse. Katsala kamodzi. Tidziwa bwanji kuti munthu akupita patsogolo, osati kungotisangalatsa?

aBanda, wa kafukufuku: Mafomu odziyeza okha, monga MAAS ya mafunso 15 kapena FFMQ ya 39, ali ndi msampha. Munthu akayamba kuzindikira kusochera kwake angadzipatse mamaki ochepa kuposa poyamba, ngakhale akupita patsogolo. Ndiye musadalire amenewo okha. Bwerezani PHQ-9 ndi GAD-7 poyamba, pa sabata yachinayi ndi yachisanu ndi chitatu, pamodzi ndi mafunso a zochitika: wagona maola angati, wapita ku msika kapena ku ntchito masiku angati, mkwiyo utabwera anachita chiyani.

Pa luso lenilenilo pali kuyesa kwa Daniel Levinson ndi anzake kwa mu 2014: kuwerenga mpweya 1 mpaka 9, kudina batani limodzi pa 1 mpaka 8 ndi lina pa 9, kompyuta n'kuona ngati chiwerengero chili cholondola. Pakiliniki mungachite zofanana ndi nyemba. Munthu agwire nyemba 20 m'dzanja lamanzere, akazindikira kuti maganizo achoka asunthire imodzi kumanja, kwa mphindi 5. Imeneyi si sikelo yotsimikizidwa, ndi yophunzitsira chabe, ndipo musadabwe nyemba zikachuluka masabata oyamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

aSakala, namwino: Nanga ogona tulo? Gulu la 14 koloko, theka likuwodzera.

NaMwale, Matero: Pambuyo pa nsima, m'chipinda cha malata, mwezi wa Okutobala, aliyense angawodzere. Gulu likhale m'mawa ngati n'kotheka, mawindo otsegula, osatsamira khoma, maso otsegula. Likakhala la masana, chitani choimirira kapena choyenda: mapazi 10 kupita, kuima, kutembenuka, 10 kubwera, maganizo ali pa chidendene chikamagunda pansi. Amene akugona nthawi iliyonse ngakhale m'mawa, mufunseni za tulo take ta usiku, za mowa, ndi mankhwala amene akumwa. Amitriptyline ndi Piriton zimagonetsa, ndipo efavirenz, mankhwala a HIV, imasokoneza tulo ta ena. Akakambirane ndi amene anamulembera, asasinthe yekha nthawi yomwera.